Chikhakha cha choko kapena cha fibreglass: ndalama yanu ipite pati mwana akathyoka mkono muno mu Harare?

Mabulosi akayamba kuda mu Seputembala, kenako mango n'kupsa cha mu Disembala, ana ogwa m'mitengo amachuluka pa mabenchi a zipatala za muno. Wina wachokera ku Mufakose, wina ku Mabvuku, wina ku Epworth kapena Dzivarasekwa. Ena sanagwe mumtengo, agwa pa mpanda kapena pa katungwe kusukulu. Kagwedwe kake n'kamodzi: mwana amatsogoza dzanja kuti adziteteze, ndipo fupa limathyokera pafupi ndi dzanja kapena pamwamba pang'ono pa chigongono. Akajambulidwa X-ray, kholo limauzidwa kuti mwana amangidwa chikhakha, ndipo apa pamabwera funso limene ambiri sanalikonzekere: timange choyera chija cha choko, kapena cha fibreglass chamitundumitundu? Nthawi zina mumapatsidwa kapepala kuti mukagule nokha zipangizo ku famase, ndipo kumeneko mumakapeza kuti ndalama ya mpukutu umodzi wa fibreglass ikugula mipukutu ingapo ya choko.

Ife amene ntchito yathu ndi kumanga ndi kudula zikhakha tinene maganizo athu poyambirira pomwe. Pa mkono umene wangothyoka kumene, cha choko ndicho chabwino, ndipo si chifukwa cha kutsika mtengo kokha. Fibreglass ili ndi nthawi yake, koma nthawiyo imafika sabata yoyamba kapena yachiwiri ikadutsa. Mayi kapena bambo wosankha choyera asamadzione ngati wamumana mwana chinthu chabwino.

Mpukutu wa choko, umene pa paketi amaulemba kuti plaster of Paris kapena POP, ndi bandeji ya nsalu yopyapyala yodzazidwa ufa wa mwala wa gypsum wowotcha. Dzina lodziwika kwambiri ndi Gypsona, ngakhale ilipo mitundu ina yotsikirapo mtengo imene imagwira bwinobwino ngati yasungidwa pouma. Njirayi ndi yakale, inayambitsidwa ndi dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, m'zaka za m'ma 1850. Ufawo ukakhudza madzi umabwerera kukhala mwala, ndipo pobwererapo umatulutsa kutentha. Fibreglass, monga Scotchcast, ndi tepi yolukidwa ndi ulusi wa galasi yopakidwa utomoni umene nawonso umalimba ukakhudza madzi. Pansi pa zonse ziwiri pamayamba nsalu yonga sokosi, kenako thonje lokulunga, ndipo thonjelo ndi limene limateteza khungu.

Ngati mwatumidwa kukagula, mkono wa mwana wamng'ono umafuna mipukutu ya choko ya masentimita 7.5 m'lifupi. Ya masentimita 10 ndi ya ana osinkhukirapo, ndipo ya 15 ndi ya miyendo, musaitenge. Chikhakha cholekezera m'munsi mwa chigongono kawirikawiri chimadya mipukutu 2 kapena 3, chofika pamwamba pa chigongono 3 kapena 4, kuphatikiza mpukutu umodzi kapena iwiri ya thonje. Fibreglass ya mwana imakhala ya masentimita 5, ndipo iwiri imakwanira mkono wa m'munsi. Musanalipire, finyani paketi. Mpukutu wa choko ukakhala ndi zibuluma zolimba ndiye kuti unalowa chinyezi ndipo sudzagwirana bwino. Wa fibreglass uyenera kumveka wofewa m'thumba lake lonyezimira. Ukakhala gwa, thumbalo linabowoka, mpweya unalowa, ndipo ndalama yanu yapita pachabe.

Chifukwa choyamba chokondera choko ndi kutupa. Mkono wothyoka umapitirizabe kutupa kwa masiku 2 kapena 3. Ukatsekeredwa m'chigoba cholimba chozungulira mkono wonse, kutupako kumasowa kolowera ndipo kumayamba kufinya mitsempha ya magazi. N'chifukwa chake tsiku loyamba madokotala ambiri samanga chikhakha chathunthu. Amapinda bandeji ya choko kukhala thabwa la mizere 8 mpaka 10, n'kuligoneka mbali imodzi ya mkono pamwamba pa thonje, kenako n'kukulunga ndi bandeji yofewa. Makolo ena akaona zimenezi amaganiza kuti awachepetsera chithandizo, amati chikhakha chake ndi cha theka. Ayi ndithu, mbali yosalimbayo yasiyidwa dala kuti mkono upeze potupira. Pamene pafunikadi chathunthu, womanga wodziwa amaching'amba mzere umodzi kuchokera kumwamba kufika kumunsi. Choko chimalola kukanulidwa pang'ono n'kukhala chomwecho. Fibreglass imabwerera pamalo pake, ndipo ikakulungidwa mokoka imathina kuposa choko.

Chifukwa chachiwiri n'chimene anthu ochepa amachidziwa. Fupa la mwana nthawi zambiri limathyoka ngati nthambi yaiwisi ya gwafa: mbali imodzi imang'aluka, ina imangopindika, ndipo ngakhale dokotala aliwongole limafunabe kubwerera kumene linapindikira. Chimene chimaliletsa si kulimba kwa chikhakha ayi, ndi kaumbidwe kake. Choko chisanalimbe, womanga amachidinikiza ndi zikhatho pa malo atatu, limodzi pamene pathyokapo ndi awiri mbali inayo, kumtunda ndi kumunsi. Chikhakha chabwino cha mkono sichikhala chobulungira, chimakhala chaphwatalala pang'ono, ndipo mwina chimaoneka chokhota ngakhale fupa m'kati lili lowongoka. Choko chimamvera zikhatho ndipo chimapatsa womanga mphindi zingapo zoumbira. Fibreglass imalimba msanga ndipo siitsatira mkono mofanana. Ndiye fupa limene lachita kukokedwa ndi kubwezeretsedwa pamalo pake, ife timalifunira choko.

Chachitatu n'cha kuno kwathu. Fibreglass imadulidwa ndi sowo yamagetsi yopangidwira zikhakha. Mwana akayamba kulira pakati pa usiku chikhakha chitathina, kiliniki ya pafupi ndi kwanu mwina ilibe sowoyo, kapena magetsi a ZESA apita. Cha choko chimatheka kudulidwa ndi sizasi zazikulu za zikhakha popanda magetsi.

Komatu choko chili ndi zovuta zake, ndipo sitingazibise. N'cholemera, makamaka chikafika pamwamba pa chigongono cha mwana wa zaka 3 kapena 4. Chimalimba m'mphindi zochepa koma kuuma kwenikweni kumatenga maola 48, ndipo m'dzinja kapena m'kuzizira kwa Juni kumafika maola 72. M'masiku amenewa chimadinika mosavuta. Mukachigwira ndi nsonga za zala kapena kuchitsamiritsa pa ngodya ya tebulo, kunja kumaoneka kadzenje kakang'ono koma m'kati mwatuluka kaphiri kamene kadzakhula khungu mpaka chilonda. Chinyamuleni ndi chikhatho chonse, chigonekeni pa pilo wofewa wopanda pulasitiki, ndipo musachifunditse bulangete, chifukwa chimauma ndi mpweya. Musachiumitse pa mbaula, pa moto kapena pa hita. Kunja kumauma n'kung'aluka m'kati mukadali monyowa, ndipo kutentha kumalowa n'kumuwotcha mwana pamalo pamene simungaone. Pomanga penipeni mwana amamva kufunda kwa mphindi zingapo, zimenezo n'zachibadwa. Koma akamakuwa kuti chikuwotcha, nenani pomwepo, chifukwa madzi oviikira akatentha kwambiri kapena mizere ikachuluka khungu limapsadi. Pakapita masabata angapo choko chimayamba kufumbutuka m'chikhatho ndi pa chigongono, ndipo madzi ndiye mdani wake wamkulu.

Apa ndi pamene fibreglass imaonetsa ubwino wake. Ndi yopepuka, imalimbiratu pasanathe ola limodzi, siifumbutuka, ndipo X-ray imaonetsa fupa momveka bwino kudzera m'kati mwake. Mwana amasankha mtundu umene akufuna, ndipo zimenezi si zachabe kwa mwana amene akuopa kupita nacho kusukulu. Kutupa kukatha, fupa likakhala kuti lili pamalo pake ndipo kwatsala masabata 4 kapena kuposa, ndalama ya fibreglass imakhala yogwira ntchito, makamaka kwa mwana wosakhazikika komanso m'nyengo ya mvula. M'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa, mumakanda nkhope mwana akagona ndiponso mumang'amba juzi ya sukulu, choncho onetsetsani kuti nsalu ya pansi yapindidwira kunja kuti itseke m'mphepetemo. Ilipo njira yapakati imene timaikonda kwambiri: ngati cha choko chinaumbidwa bwino ndipo sichinakhwefuke, sachichotsa, amangokulungapo mpukutu umodzi wa fibreglass pamwamba. Fupa silisokonezedwa, chikhakha chimalimba, ndipo mwagula mpukutu umodzi wokha. Funsani dokotala ngati zingatheke kwa mwana wanu.

Ogulitsa ena amati fibreglass siiopa madzi. Chigoba chake sichiopadi, koma thonje la m'kati limanyowa ngati thonje lina lililonse, ndipo likanyowa silimauma msanga. Khungu limafewa, limayera, limanunkha, kenako limasupuka. Lilipo thonje lapadera losasunga madzi, koma ndi lodula ndipo silipezeka paliponse. Ngati simunauzidwe mwachindunji kuti aika limenelo, chikhakha chanu n'choopa madzi.

Pa nkhani yosamba, ma famase ena amagulitsa thumba lovala pa chikhakha lokhala ndi mphira pakamwa pake. Limagwira ntchito ngati kukula kwake kukugwirizana ndi mkono wa mwana. La akuluakulu pa kamkono kakang'ono limalowetsa madzi, ndipo mphira wake ukang'ambika ndi m'mphepete mwa chikhakha ndiye kuti latha. Kwa mabanja ambiri amene amasamba m'ndowa ndi madzi a pa mjigo, sitiona chifukwa choligulira. Kulungani kathaulo kakang'ono kumtunda kwa chikhakha, valikani majumbo awiri opanda bowo, matani ndi tepi pamwamba pa kathaulo, ndipo wamkulu agwire mkonowo m'mwamba pamene wina akumusambitsa ndi kansalu. Mphira womangira ndalama kapena chingwe musamangire, zimatseka magazi. Nsalu yokolekera mkono pakhosi nayonso simufunika kugula. Chitenje chopinda makona atatu chimakwanira, bola dzanja likhale pamwamba pang'ono kuposa chigongono ndipo mfundo ikhale cham'mbali mwa khosi. Usiku chichotseni chitenjecho, mkono ugone pa mapilo awiri kuti ukhale pamwamba pa mtima, makamaka masiku 3 oyamba.

Musanatuluke m'chipinda chomangira, yang'anani ntchitoyo ndi maso anu, chifukwa chikhakha chodula chomangidwa molakwika chimaposedwa ndi chotchipa chomangidwa bwino. Chilekezere pa mzere wa m'chikhatho kuti zala zonse zizipindika momasuka. Chala chachikulu chizitha kukhudza nsonga za zinzake. M'mphepete monse mukhale thonje. Zibangili ndi zingwe za pa mkono wothyokawo zikhale zitachotsedwa.

Tsopano tinene chimene chimatisowetsa tulo. Minofu ya mkono imakhala m'matumba osatamuka. Kutupa kukachuluka m'matumbamo, kapena chikhakha chikathina, magazi amaleka kufika m'minofu, ndipo m'maola ochepa, ngakhale 6 mpaka 8, minofuyo imayamba kufa. Ikafa imakhwinyata, dzanja n'kupindika osawongokanso. Dokotala wa ku Germany Richard von Volkmann analongosola kulumala kumeneku mu 1881, ndipo mpaka lero kukuchitikabe, nthawi zambiri chifukwa choti anthu anadikira kuti kuche. Mwana wamng'ono sanganene kuti dzanja lachita dzanzi. Chimene mudzaona ndi ululu umene ukukulirakulira m'malo mochepa, mwana wosatonthozeka, wamantha, wofuna mankhwala pafupipafupi koma osamuthandiza. Yesani kuwongola zala zake pang'onopang'ono. Akakuwa ndi ululu wa m'kati mwa mkono, nyamukani. Dinani chikhadabo mpaka chiyere, mukasiya mtundu wake ubwerere m'masekondi 2. Zala zozizira, zotuwa, zakuda mosiyana ndi za dzanja linalo, zotupa kwambiri kapena zosagwedezeka, zonsezi ndi za ku chipatala usiku womwewo, osati m'mawa. Parirenyatwa, Sally Mugabe Central Hospital imene ambiri amaitchulabe kuti Gomo, ndi Chitungwiza Central Hospital zonse zimalandira odwala mwadzidzidzi usiku. Mukafika nenani momveka kuti chikhakha chathina ndipo ululu ukukula. Podula, thonje nalonso liyenera kudulidwa mpaka khungu lioneke, chifukwa thonje lomwa magazi likauma limathina palokha.

Ngozi yomweyi imachitika kunyumba mkono ukamangidwa mothina ndi timitengo ndi zingwe, kapena ukatemedwa mphini n'kukulungidwa. Agogo amachita zimenezi ndi mtima wofuna kuthandiza, koma mkono wotupa sufuna kumangidwa mothina ndi aliyense. Popita ku chipatala, gonekani mkono pa katoni yopinda, kulungani momasuka ndi chitenje, osaukoka, osausisita. Ngati mkono ukuoneka wokhota, musamupatse mwana chakudya kapena maheu panjira. Mwina afunika kugonekedwa tulo kuti fupa liwongoledwe, ndipo pamafunika kuti akhale atatha maola 6 osadya kanthu.

Za mankhwala: panado amaperekedwa 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wa makilogalamu 20 amamwa 300 mg, amene ndi 12.5 ml ya panado wamadzi wolembedwa 120 mg pa 5 ml. Werengani botolo, chifukwa mphamvu zake zimasiyana. Brufen amathandiza akamwedwa atadya, pa mlingo umene a namwino akuuzani. Asipirini si wa ana osakwana zaka 16. Pakatha masiku 3 kapena 4 ana ambiri safunanso mankhwala.

Kuyabwa kumabwera ndithu, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Mwana amalowetsa pensulo, kamtengo kapena waya, khungu limakandika, ndipo m'kati mofunda ndi monyowa ndi thukuta chilonda chimachita mafinya msanga. Zotsekera bolopeni, makobidi ndi njere za chimanga zimapezeka m'zikhakha za ana kawirikawiri, zitaboola kale khungu. Musathiremo paudala kapena mafuta. Gogodani pang'ono pamwamba pa chikhakha, kapena uziranimo mpweya wozizira. Fungo la thukuta n'lachibadwa, koma fungo lowola, banga lonyowa lotulukira kunja, malo amodzi otentha kapena kutentha thupi, zimenezo zikaonedwe.

Pali ana amene safunika chikhakha chilichonse mwa ziwirizi. Fupa la pafupi ndi dzanja nthawi zina limangofinyika mbali imodzi osang'aluka. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa FORCE, wofalitsidwa mu 2022, anatsatira ana 965 a zaka 4 mpaka 15 othyoka motere, ndipo anapeza kuti omangidwa bandeji yofewa anamva ululu wofanana ndi omangidwa zolimba, ndipo anachira mofanana. Ndiye dokotala akaona X-ray n'kunena kuti bandeji kapena chomangira chovula chikwanira kwa masabata 3, sakukupeputsani. Palinso ana amene chikhakha chokha sichingawathandize. Fupa la pamwamba pa chigongono, limene limathyoka kwambiri mwa ana a zaka 5 mpaka 7, likasuntha pamalo pake limafuna opaleshoni yoika timawaya, timene timazulidwa pakatha masabata 3 kapena 4. Pafupi ndi fupa limeneli pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi, choncho kukana opaleshoni n'kupempha chikhakha kungamulumalitse mwana.

Ngati ndalama ili yochepa ndipo muyenera kusankha pakati pa fibreglass ndi X-ray ya sabata yoyamba, sankhani X-ray. Kutupa kukaphwa chikhakha chimakhwefuka, ndipo fupa limene linawongoledwa limatha kutsetsereka mwana osamva kanthu. Zimenezi zimachitika makamaka m'masabata 2 oyamba. Zikaoneka pa tsiku la 7 kapena la 10, fupa limathekabe kuwongoledwa. Zikaoneka pa sabata ya 6, lagwirana kale chokhota. Zoona, mafupa a ana amadziwongola pamene akukula, makamaka pafupi ndi dzanja mwa ana aang'ono, koma fupa lopotoka ndi la pa chigongono sadziwongola motero. Sungani ndalama ya kombi (minibasi) ndi ya kujambula tsiku limenelo, ndipo amene muli pa medical aid (inshuwalansi ya chipatala) monga Cimas kapena PSMAS funsiranitu ngati fibreglass imalipiridwa musanavomere. Khadi la ku chipatala ndi zithunzi zonse za X-ray muziyenda nazo ulendo uliwonse.

Fupa long'aluka mbali imodzi limakhala m'chikhakha masabata 4 mpaka 6, mafupa onse awiri a mkono akathyoka pakati pafupifupi masabata 6 kapena kupitirira pang'ono, la pa chigongono losasuntha masabata 3 mpaka 4. Musachotse nokha kunyumba poona kuti mwana wasiya kudandaula, chifukwa ululu umatha fupa lisanalimbe. Tsiku lodula muuzenitu mwana kuti sowo ili ndi phokoso lalikulu. Mpeni wake suzungulira, umangonjenjemera, ndipo umadula zolimba osati thonje, koma umatentha, makamaka pa fibreglass, ndiye mwana akati pakuwotcha wodulayo aime kaye. Mkono umatuluka wowonda, wamakwinya, wa khungu lofunduka, mwina ndi ubweya wambiri. Uviikeni m'madzi ofunda, pukutani mosakhula, pakani Vaseline. Chigongono chimakhala chouma kwa masabata angapo. Musachikoke, ndipo musamunyamulitse mwana chigubu cha madzi kuti chiwongoke, chifukwa kukakamiza kumaonjezera kuumako. Ana ambiri amachimasula okha posewera, kudya ndi kuvala. Kukwera mitengo, mpira ndi njinga zidikire masabata ena 4 mpaka 6, ndipo ngati anathyoka mafupa onse awiri pakati, pafupifupi miyezi 3, chifukwa malo amenewo ndi amene amathyokanso.

Ngati dokotala ananena kuti kuthyokako kunadutsa pa malo amene fupa limakulira, bwererani kukajambulitsa pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngakhale mwana akuoneka bwino, chifukwa nthawi zina malowo amaleka kukula mbali imodzi ndipo mkono umayamba kukhota pang'onopang'ono. Kwa ana amene fupa linagwirana kale chokhota, madokotala a mafupa a m'zipatala zazikulu za muno amaona nkhani zotere, ndiponso ku Bulawayo kuli CURE Children's Hospital, imene inatsegulidwa mu 2021 ndipo imathandiza ana a mavuto a mafupa mosalipiritsa.